PAUL EHRLICH: DOTOLO AMENE ANAFUNA CIPOLOPOLO COSAPHONYA

Mlimi wa ku Chongwe akabaya ng'ombe yace nyeleti ya Berenil, mankhwalawo amapha tizilombo tocokera ku nchenche ya tsetse, koma ng'ombeyo nikhala ndi moyo. Nzeru imeneyi, yakuti mankhwala angathe kusankha cimene akupha, inakhazikitsidwa ndi Dotolo Paul Ehrlich wa ku Germany.

A Ehrlich anabadwa pa 14 March 1854 m'tauni ya Strehlen, imene tsopano iri m'dziko la Poland. Akali pa maphunziro a udotolo anakonda kwambiri utoto wonyikira nsalu. Pakuthira utotowo pa tizidutswa ta mnofu ndi magazi, anaona m'maikulosikopu kuti utoto uli wonse umagwira maselo ena ndi kusiya ena. Apa ndipo panabadwira funso limene linawatsata moyo wao wonse: ngati utoto usankha pomamatira, kodi mankhwala sangasankhenso kacilombo kokha?

Mu 1882 anapeza njira yabwino yoonetsera kacilombo ka cifuwa cacikulu kamene Robert Koch anatulukira. Nthendayo inawagwira iwo omwe, ndipo anapita ku Egypt kukacira. Mu 1891 anayesa utoto wa methylene blue pa odwala malungo awiri ku Berlin, ndipo malungowo anatha. Mu 1904, pamodzi ndi Kiyoshi Shiga wa ku Japan, anaciritsa mbewa zodwala tizilombo ta mtundu wa kaodzera ndi utoto wa trypan red. Zaka zisanu ndi cimodzi pambuyo pace, kacilombo ka kaodzera woopsa kanazindikiridwa mwa munthu amene anadwalira ku cigwa ca Luangwa.

Mphotho ya Nobel analandira mu 1908. Caka cotsatira, Sahachiro Hata, amene anali kugwira nao nchito ku Frankfurt, anatsimikiza kuti mankhwala a nambala 606 apha kacilombo ka cindoko. Anayamba kugulitsidwa mu 1910 pa dzina la Salvarsan. Popeza munali asenike, odwala ena anavulala nao, ndipo a Ehrlich ananyozedwa kwambiri. Anamwalira pa 20 August 1915.

Cipolopolo cosaphonya cimene anali kulota sanacione ndi maso, koma ofufuza a pambuyo pao sanacitaye. Masiku ano mankhwala ena amatsekeredwa m'timatumba ta mafuta tating'ono zedi, kotero kuti timatumba 10,000 titandandalikidwa tingokwana milimita imodzi. Timatumbato timayenda m'magazi, ndipo tambiri timaunjikana pa cotupa cifukwa mitsempha ya pamenepo imakhala ndi timing'alu. Mankhwala a Doxil, opangidwa motero, analoledwa ku America mu 1995 pa khansa ya Kaposi, imene inazunza Azambia ambiri m'nthawi ya Edzi. Akatemera ena a Covid-19 a mu 2020 analowetsanso uthenga wao m'maselo mwa timatumba ta mafuta.

Bvuto limene ofufuzawa alimbana nalo ndi lomwe lija la a Ehrlich: timatumba tambiri timathera m'ciwindi tisanafike pamene pali nthenda.