John Keats, wachipatala wa ku Edmonton amene anafa ndi TB

Abale anga a ku Edmonton, mu Church Street momwe timadutsa pothamangira shifiti ndi momwe anakulira John Keats, mlakatuli wotchuka wa ku England. Ambiri sadziwa kuti mkuluyu anayamba ndi ntchito yachipatala.

Keats anabadwa mu 1795. Bambo ake anamwalira mu 1804 atagwa pa hatchi, mayi ake n'kutsatira mu 1810 ndi chifuwa chachikulu. Ali wamasiye choncho, anayamba kuphunzira ntchito kwa dokotala Thomas Hammond konkuno ku Edmonton. Mu 1815 analowa pa Guy's Hospital ndipo mu 1816 analandira chiphaso chopereka mankhwala. Koma mtima unali pa ndakatulo, ndiye zachipatalazo anazisiya.

Mu 1818 anadwazika mng'ono wake Tom mpaka TB yomweyo inamutenga. Mu February 1820 nayenso anatsokomola magazi, ndipo poti anali wophunzira zachipatala, anadziwiratu kuti zavuta. Anapita ku Rome kutsata nyengo yofunda. Kumeneko dokotala ankamuchotsa magazi ndi kumuchepetsera chakudya, ati kumuthandiza. Anamwalira pa 23 February 1821 ali ndi zaka 25 zokha. Atamung'amba anapeza mapapo atatheratu.

Keats anaizindikira nthenda yake koma mankhwala kunalibe. Kachilombo ka TB anadzakatulukira ndi Robert Koch mu 1882.

Ife lero mwayi tili nawo. TB siimabwera ndi magazi nthawi zonse ayi. Nthawi zina imadzaza madzi pakati pa mapapo ndi nthiti: munthu amabanika, m'nthiti mumabaya akamapuma, usiku thukuta kamukamu, thupi likutha. Chibayo, khansa ndi matenda a mtima nazonso zimadzaza madzi chimodzimodzi, n'chifukwa chake kungoganizira sikuthandiza. Pa chipatala ngati North Middlesex amajambula X-ray ndi ultrasound, kenaka amapopa madziwo ndi singano n'kukawayeza. Akachuluka amaika kapaipi kuti atuluke, mpweya ubwerere. Ikakhala TB, mankhwala ake nthawi zambiri ndi a miyezi 6.

Chonde musabise matenda poopa kutaya shifiti kapena nkhani ya mapepala. Kuno ku England kuyezetsa ndi kulandira mankhwala a TB n'kwaulere kwa aliyense, mapepala akhale bwanji. Mukatsokomola kupitirira masabata 3, kapena mukamabanika, pitani kwa GP. Ana kumudzi akudalira mapapo anuwo.