Sir David Bruce, Sing'anga Amene Adalondola Kaodzera

Anthu a ku Sharpevale ndi a m'chigwa chonse cha Bwanje, amene chuma chawo chili m'khola la ng'ombe, sasowa wowauza za kuopsa kwa kashembe. Koma ndi owerengeka amene adamvapo dzina la munthu amene adasonyeza poyera kuti ntchentche imeneyi siipha ndi ululu wake ayi, koma isenza kachilombo kuchokera m'magazi a nyama ina nikathira mwa inzake. Munthuyo ndiye David Bruce, ndipo adagwirako ntchito m'dziko lathu lino.

Adabadwira ku Melbourne, m'dziko la Australia, pa 29 May 1855, kwa makolo a ku Scotland. Adaphunzira zausing'anga ku Edinburgh natsiriza mu 1881. Mu 1883 adakwatira Mary Steele, nalowa ntchito ya udokotala wa asilikali, ndipo Boma lidamtumiza ku Malta, chilumba chija Paulo Woyera adapulumukirapo chombo chitasweka. Kumeneko asilikali ankadwala malungo opita nabweranso kwa miyezi yambiri. Mu 1887 Bruce adapeza kachilombo kake m'kapamba wa odwala amene adafa, ndipo mtundu wa tizilomboti utchedwa Brucella chifukwa cha iye. Njira yake idadziwika mu 1905, pamene Themistocles Zammit, dokotala wa ku Malta komweko, adaona kuti kabisala mu mkaka wa mbuzi. Amayi amene aphitsa mkaka asanamwetse ana atsata nzeru imeneyi, ngakhale sadziwa mwini wake.

Mu 1894 adamtumiza ku dziko la Azulu, kumene ng'ombe zinali kutha ndi nthenda yotchedwa nagana. Iye ndi mkazi wake adakhala m'kanyumba kadothi pa phiri la Ubombo. M'magazi a ng'ombe zodwala, poyang'ana ndi galasi lokuza zinthu, adaona tamoyo tosambira ngati tinsomba. Komatu kuona kachilombo sikudziwa kuti ndiko kakupha. Tsono adatsitsira ziweto zamoyo kuchigwa kwa kashembe, ndipo zidabwerako zodwala. Pofuna kutsimikiza kuti si udzu kapena madzi a kuchigwako, adakweza ntchentchezo kuphiri nazilumitsa kavalo amene sadatsikeko, kavaloyo adadwala. Potsiriza adatenga magazi a nyama zakuthengo zooneka zanyonga nabaya nawo agalu, agalunso adadwala. Apo mlandu udatha: nyama zakuthengo zisunga kachilomboko osadwala nako, kashembe akatenga, ziweto zifa. Mu 1899 akatswiri ena adakatcha Trypanosoma brucei.

Mu 1903 adali ku Uganda, kumene nthenda yatulo idapha anthu zikwi zambirimbiri m'mbali mwa Nyanja ya Victoria, ndipo pamodzi ndi anzake adasonyeza kuti nayonso iyenda ndi kashembe.

Mu 1911 bungwe la Royal Society lidamsankha kutsogolera ofufuza ku Nyasaland, pakuti anthu a kunyanja m'boma la Dowa adayamba kufa ndi nthenda imene makolo athu adaitcha kaodzera. Adamanga msasa pa phiri la Kasu, nakhalapo kufikira 1914. Ntchito yake idali yomwe ija ya ku Ubombo, koma yokula: kupima magazi a odwala ndi a nyama zophedwa kuchigwa, kulumitsa agalu, mbuzi ndi apusi kashembe wogwidwa m'thengo, ndi kutumbula ntchentche imodziimodzi. Ogwira ntchentchezo, amene ankalumidwa tsiku ndi tsiku, adali anthu athu, ndipo mabuku a mbiri sasamala maina awo. Ichi sichili bwino.

Zimene adapeza zidagwirizana ndi za Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke ku chigwa cha Luangwa: kaodzera wa kuno ayenda ndi kashembe wa m'thengo louma, amene atsata nyama, ndipo afulumira kupha koposa wa ku Uganda. Bruce adakhulupirira kuti kachilombo ka kaodzera ndi ka nagana ndi kamodzi, nalimbikira kuti nyama zakuthengo ziphedwe m'madera a kashembe. Pa choyambacho adakhoza mwatheka chabe: tizilombo tiwirito sitisiyana pagalasi, koma ka nagana kafa m'magazi a munthu, pamene ka kaodzera kapirira. Langizo lachiwirilo lidali laukali. Kumene adalitsata, monga ku Southern Rhodesia, nyama zosawerengeka zidatha. Lero alimbana ndi kashembe ndi misampha ya nsalu ndi mankhwala opaka ng'ombe. Kaodzera sadatheretu: apezekabe pafupi ndi nkhalango za Nkhotakota ndi Vwaza, koma mankhwala akumwa a fexinidazole, amene adayesedwa ku Rumphi, adavomerezedwa mu 2023. Akatekisiti akaona munthu wochokera kumeneko ali ndi malungo osamva mankhwala, amfulumizitse kuchipatala akapimidwe magazi.

Bruce adali munthu wouma pakamwa ndi wosafulumira kuyamika anzake. Ena adadandaula kuti ntchito ya Zammit siidalemekezedwe mokwanira. Koma mkazi wake sadamuiwale. Lady Bruce ndiye ankakonza magalasi ndi kujambula tizilombo m'maulendo onse, ndipo mwamuna wake, ali pafupi kufa, adapempha kuti olemba mbiri yake atchule ntchito ya mayiyo. Lady Bruce adamwalira ku London pa 23 November 1931, ndipo Sir David adamtsata pa 27 November, patapita masiku anayi okha.