Febe wa ku Kenkreya: mai amene anawalitsa dzina lake

Sabata ino tsegulani Aroma 16, vesi 1 ndi 2. Ambili tikafika pa caputala cimeneci timangolumpha, ati ndi moni cabe ndi maina ovuta kuwelenga. Koma dzina loyamba pa mndandanda umenewo ndi la mai wina, Febe, ndipo nkhani yake ikukhudza funso limene ena a inu mumabwela nalo pa mzele wa mapemphelo: kodi dzina limene ndinapatsidwa lingandimange?

Dzina la Febe, limene m'Cingelezi amalemba Phoebe, ndi la Cigiriki. Litanthauza wowala, kapena wonyezimila. Tanthauzo ndi labwino, koma kumene linacokela kungakudabwitseni. M'nthano za cipembedzo ca Agiriki, Phoebe anali mulungu wamkazi wakale, ambuye ake a Apollo ndi Artemis. Apollo yemweyo anali kuchedwanso Phoebus, ndipo pambuyo pake anthu anayamba kuchula Artemis kuti Phoebe, pomugwilizanitsa ndi mwezi. Artemis ameneyu ndi uja amene anthu a ku Efeso anamucitila cipolowe pa Macitidwe 19. Mwacidule, mai wathu uyu anali ndi dzina locokela ku mafano. Ndiye cifukwa cake akatswili ambili a Baibo amaona kuti anabadwila m'banja la anthu a mitundu ina, osati la Ciyuda.

Febe anali kukhala ku Kenkreya, tauni ya padoko pafupifupi makilomita 10 kum'mawa kwa Korinto, m'dziko la Greece. Korinto anali ndi madoko awili. La kumadzulo linali kulandila zombo za ku Italy, ndipo Kenkreya linali kulandila za ku Efeso, Siriya ndi Iguputo. Ganizilani malo odzala ndi amalonda, onyamula katundu, akapolo ndi alendo a zinenelo zosiyanasiyana. Pafupi ndi madzi panali akacisi a Aphrodite ndi Isis. Munthu wopita ku msika anali kudutsa pa mafano tsiku lililonse.

Paulo anakhala ku Korinto caka cimodzi ndi miyezi 6, akusoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila. Pocoka, anadzela pa Kenkreya, ndipo m'pamene anameta tsitsi cifukwa ca cowinda cake (Macitidwe 18:18). Patapita zaka zocepa, pa doko limenelo panali mpingo wokhazikika. Masiku amenewo kunalibe nyumba za chalichi. Okhulupilila anali kusonkhana m'nyumba za anzao, kudya pamodzi, kupemphela pamodzi. Mu mpingo waung'ono woteleyo ndi mmene Febe anadziwika.

Paulo amuchula ndi mau atatu, ndipo lililonse lili ndi kulemela kwake.

Loyamba ndi lakuti mlongo. Paulo anali Myuda, Mfarisi wophunzila, munthu amene kale sakanafuna olo kumva dzina la fano m'nyumba mwake. Manje akuchula mai wa dzina limenelo kuti mlongo wathu.

Laciwili m'Cigiriki ndi diakonos, kumene kunacokela mau akuti dikoni. Litanthauza mtumiki. Ndi liu lomwelo limene Paulo anagwilitsila nchito pokamba za iye mwini ndi Apolo pa 1 Akorinto 3:5, komanso za atumiki a mpingo wa ku Filipi pa Afilipi 1:1. Febe ananenedwa mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, kutanthauza kuti mpingo unali kumudziwa pa nchito imeneyo ndi kumudalila.

Lacitatu ndi prostatis, liu limene lipezeka pano pokha m'Cipangano Catsopano conse. M'nthawi ya Aroma linali kukamba za munthu wokhala ndi cuma kapena ulemu, amene amaimilila ena: kulandila alendo, kuwalipilila zofunika, kuwathandiza akagwa m'milandu. Paulo akuti Febe anacita zimenezi kwa anthu ambili, ndipo akuvomela poyela kuti nayenso anathandizidwa ndi iye. Pa doko pamafika anthu osowa pogona, odwala pa ulendo, obeledwa. Khomo la Febe linali lotseguka kwa otelewa.

Ca m'ma 57, Paulo anabwelanso ku Greece ndi kukhalako miyezi itatu. Ndi pa nthawi imeneyi pamene analemba kalata ya kwa Aroma. Iye anali kukamba, Tertio akulemba, ali m'nyumba ya Gayo. Kalatayo inatuluka yaitali kuposa makalata ake onse, mau a Cigiriki opitilila 7,000. Vuto linali lakuti ifika bwanji. Positi ya boma la Roma inali ya nkhani za boma cabe. Munthu wamba anafunika kupeza wina wokhulupilika wopita kumeneko, n'kumupatsa m'manja. Popeza Paulo akuyamba moni wake ndi kupempha Aroma kuti amulandile Febe ndi kumuthandiza pa ciliconse cimene angafune, akatswili ambili amagwilizana kuti ndiye ananyamula kalatayo.

Imani pang'ono muganizile. Ife uthenga uno taulandila pa foni m'kamphindi, ndipo ukafufutika tipempha wina atitumizilenso. Febe ananyamula mpukutu wolembedwa pa manja, pa ulendo wa masiku ambili wodutsa nyanja, m'nthawi imene zombo zinali kusweka ndipo acifwamba anali m'njila. Mvula ikanaunyowetsa, kapena wakuba akanatenga thumba, nchito yonse ija ikanathela pamenepo.

Ndipo kumene anali kupita sikunali kophweka. Paulo anali asanafikeko ku Roma. Zaka zingapo m'mbuyomo, mfumu Klaudio anathamangitsa Ayuda mu mzindawo (Macitidwe 18:2). Iye atamwalila mu 54, Ayuda okhulupilila anayamba kubwelela, n'kupeza mipingo ya m'nyumba yadzala anthu a mitundu ina. Panabuka kusamvana pa za zakudya ndi masiku opatulika, zimene muwelenga pa Aroma 14. Wonyamula kalata masiku amenewo nthawi zambili ndiye anali kufunsidwa pamene omvela sanamvetse, cifukwa ndiye anacokela kwa wolemba. Paulo anaika udindo umenewu m'manja mwa mai wa ku Kenkreya.

Kalata inafika. Umboni wake uli m'Baibo yanu. Mu 386, ku Milan, Augustine anawelenga mavesi a mu Aroma 13 ndipo anasiya moyo wake wakale. Martin Luther anapeza m'kalata yomweyi ciphunzitso ca kulungamitsidwa ndi cikhulupililo. Pa 24 May 1738, ku London, mtima wa John Wesley unatenthedwa pamene anali kumvetsela mau oyamba amene Luther analemba pa kalata ya Aroma. Vesi lililonse la mu Aroma 8 limene munagwilila pa bedi la cipatala linadutsa njila imeneyo. Mpaka lelo, Akatolika ndi a Orthodox amakumbukila Febe pa 3 September.

Manje tibwelele ku funso lija. Ena a inu munachedwa dzina la ambuye anu amene anali kupita kwa ang'anga. Ena ndinu a Mabvuto, a Misozi, a Masiye, cifukwa munabadwa pa nthawi ya malilo kapena ya njala. Bizinesi ikagwa, ukwati ukacedwa, mtima umathamangila ku dzina. Wina amakuuzani ati muzu wa zonse ndi pamenepo, ndipo mumagona ndi mantha.

N'zoona kuti Mulungu anasintha maina ena: Abramu anakhala Abrahamu, Yakobo anakhala Israyeli. Anacita zimenezo pa cifukwa cake ca pangano. Koma onani mpingo woyamba. Apolo, mlaliki wamphamvu uja, dzina lake linacokela kwa Apollo. La Epafrodito, amene anatsala pang'ono kufa potumikila Paulo, linacokela kwa Aphrodite. M'caputala 16 momwemu, vesi 14, muli m'bale wochedwa Herme, dzina la mulungu wina wa Agiriki. Onsewa Paulo akuwachula ndi maina ao omwewo, mwacikondi, m'Malemba opatulika. Paulo yemweyu ndi amene anatulutsa mzimu woipa mwa mtsikana wa ku Filipi. Ziwanda anali kuzidziwa bwino. Cikanakhala kuti dzina palokha limanyamula mzimu, sakanapeleka kalata yake yaikulu kwa Febe.

Ngati dzina lanu limakupwetekani mtima ndipo mufuna kuchedwa lina, palibe chimo, kambilanani bwino ndi makolo anu. Koma musacite zimenezo cifukwa ca mantha, monga ngati mwazi wa Yesu unalephela pa zilembo zocepa za pa NRC yanu. Ndipo wina akakulipilitsani ndalama kuti amasule dzina lanu, bwelani tikambilane coyamba.

Febe anapatsidwa dzina lakuti wowala ndi anthu, m'dziko lodzala mafano. Cimene cinalidzaza ndi kuwala kwenikweni ndi khomo limene anatsegulila alendo, cuma cimene anathandizila oyela mtima, ndi kalata imene anafikitsa. Sabata ino pali wina pafupi ndi inu wofuna pogona, wofuna womupelekeza ku cipatala, kapena amene anakusungitsani kanthu kuti mukafikitse. Yambilani pamenepo.

Tipemphele. Atate, tikuyamikani cifukwa mumatidziwa ndi maina athu ndipo simucita nafe manyazi. Cotsani mantha mwa aliyense amene wakhala akuopa dzina lake. Tipatseni kukhulupilika kwa mlongo wathu Febe pa zimene mwatiikiza m'manja. M'dzina la Yesu, Amen.

Tumizilankoni wina amene afunika kumva zimenezi. Tionana pa Sondo.