AGOGO A ZAKA 100: MBIRI YA MAYI ASMA BINT ABI BAKR (R.A)

Bismillahir Rahmanir Rahim.

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah amene watifikitsa pa tsiku la Eid tili amoyo. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad (s.a.w), akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, pa mzikiti uliwonse pamakhala agogo amene aliyense amawadziwa. Pakagwa maliro amayamba kufika ndi iwo, pakakhala matenda ndi iwo, mphika wa futari ukamaphikidwa ali pomwepo. Chaka chino komiti yaona kuti tikumbutsane za agogo amtundu umenewu amene anakhala ndi Mtumiki (s.a.w) maso ndi maso. Amenewa ndi Mayi Asma, mwana wa Abu Bakr As-Siddiq (r.a), mkulu wake wa Mayi Aisha (r.a).

KUBADWA KWAO

Mayi Asma anabadwira ku Makkah cha m'ma 595, kutatsala zaka 27 kuti msamuko wa Hijra uchitike. Iwo ndi Mayi Aisha anali a bambo amodzi koma mayi osiyana. Mayi awo a Asma anali Qutaylah, amene ukwati wao ndi Abu Bakr unatha kale Chisilamu chisanafale. Bambo awo atangokhulupirira, nawonso sanachedwe, moti mabuku a mbiri amawaika m'gulu la anthu 20 oyambirira kulowa Chisilamu. Nthawi imeneyo kunena shahada kunali kuputa mavuto, pakuti Aquraish amazunza aliyense wotsata Mtumiki (s.a.w).

Banja lao linapatsidwa ulemu wosowa. Agogo awo Abu Quhafa, bambo awo Abu Bakr, iwo eni, ndi mwana wao Abdullah, onsewa anali Maswahaba. Mibadwo inayi m'nyumba imodzi.

MWINI MALAMBA AWIRI

M'chaka cha 622 Aquraish anapangana zoti aphe Mtumiki (s.a.w). Allah atapereka chilolezo cha msamuko, Mtumiki anafika kunyumba kwa Abu Bakr dzuwa lili paliwombo, nthawi imene sankabwera. Mayi Asma ndi mng'ono wao anakonza kamba wa paulendo mwachangu. Pofuna kumanga thumba la chakudya ndi la madzi, chingwe chinasowa. Mayi Asma anamasula lamba wao wa m'chiuno, namung'amba pakati, namangira katunduyo. Kuyambira pamenepo anadziwika ndi dzina loti Dhatun Nitaqayn, kutanthauza mwini malamba awiri.

Mtumiki (s.a.w) ndi Abu Bakr anabisala m'phanga la Thawr masiku atatu. Abu Jahl ndi anzake anafika pakhomo kudzafunsa kumene bambo awo alowera. Mayi Asma sanaulule kanthu. Abu Jahl anawamenya mbama yamphamvu mpaka ndolo inathothoka kukhutu, komabe chinsinsi sichinatuluke. Tangoganizani abale, moyo wa Mtumiki wa Allah unali pa lilime la mayi mmodzi, ndipo lilimelo linasungika.

Panachitikanso nkhani ina imene iwo eni anadzaifotokozera adzukulu awo. Abu Bakr pochoka anatenga ndalama zake zonse, madirihamu 5,000 kapena 6,000. Abu Quhafa, amene anali wokalamba, wosaona, komanso asanalowe Chisilamu, anabwera akudandaula kuti mwana wao wasiya ana pa njala. Mayi Asma anatola timiyala, naika pamalo pamene pankakhala ndalama, naphimba ndi nsalu, kenaka anagwira dzanja la agogo awo nkuwakhudzitsa. Nkhalamba ija mtima unakhala pansi. M'nyumbamo munalibe ndi khobidi lomwe, koma mdzukulu sanafune kuti agogo ake agone ndi nkhawa.

UMPHAWI WA KU MADINAH

Mayi Asma anakwatiwa ndi Zubayr ibn al-Awwam (r.a), mmodzi mwa anthu khumi amene anauzidwa za Jannah akadali moyo. Ulendo wa ku Madinah, wa makilomita oposa 400 m'chipululu, anauyenda ali ndi pathupi potopa. Atafika pa Quba anachira mwana wamwamuna, Abdullah. Ameneyu ndiye anali mwana woyamba kubadwa kwa Asilamu osamuka mu Madinah. Anapita naye kwa Mtumiki (s.a.w), amene anatafuna tende nkumuika m'kamwa, nampemphera dua. Asilamu anasangalala zedi chifukwa kunali mphekesera yoti alodzedwa ndipo sadzaberekanso.

Pa nthawiyo Zubayr analibe chuma, koma hatchi imodzi ndi ngamira yotungira madzi basi. Ntchito yonse inali pa Mayi Asma. Ankamweta udzu wa hatchi, kusinja njere za tende kuti ziweto zidye, kutunga madzi, kusoka chotungira chachikopa chikang'ambika, ndi kukanda ufa. Kuphika mkate sankatha bwino, ndipo amayi Achiansari oyandikana nawo ndi amene ankawaphikira. Mpaka ukalamba wao sanaiwale kuwayamikira amayi amenewa.

Njere za tende ankazisenza pamutu kuchokera ku munda umene Mtumiki (s.a.w) anampatsa Zubayr, mtunda woposa makilomita atatu. Tsiku lina Mtumiki anawapeza panjira ali ndi mtolo pamutu, nagwaditsa ngamira kuti akwere. Iwo anachita manyazi kuyenda pakati pa amuna, komanso anakumbukira nsanje ya amuna awo, choncho anapitiriza wapansi. Zubayr atamva anavomera kuti kusenza mtolo kwa akazi akewo kunkamupweteka mtima koposa kukwera ngamirako. Patapita nthawi Abu Bakr anawatumizira wantchito wosamala hatchi, ndipo Mayi Asma anamva ngati amasulidwa ku ukapolo. Amayi athu amene mumasenza nkhuni ndi ndowa tsiku ndi tsiku, dziwani kuti mwana wa Abu Bakr anasenzanso.

DZANJA LOSAFUMBATA

Pa nthawi ya umphawi womwewo anafunsa Mtumiki (s.a.w) ngati angapereke sadaka pomwe alibe kanthu kupatula zimene amuna awo abweretsa. Mtumiki anawalangiza kuti azipereka, asamawerengetsere kapena kumanga thumba, kuopa kuti Allah angawawerengetserenso. Langizo limeneli analigwira moyo wao onse. Mwana wao Abdullah ankasimba kuti sanaonepo akazi opatsa ngati mayi ake ndi Mayi Aisha, koma kupatsa kwao kunali kosiyana. Mayi Aisha ankasonkhanitsa kaye kenaka nkugawa, pamene Mayi Asma sankasunga kanthu kuti kafike mawa.

Tsiku lina munthu wosauka anapempha kuti azigulitsa malonda ake pa mthunzi wa nyumba yao. Iwo anadziwa kuti akavomera okha, Zubayr akaniza. Ndiye anamuuza kuti abwerenso amuna awo alipo. Atabwera, Mayi Asma anakhala ngati akukana, ndipo Zubayr ndi amene anawadzudzula chifukwa chomana munthu wosauka pogulitsira. Mwa njira imeneyi wosauka anapeza malo, ulemu wa bambo wa pakhomo unasungika, ndipo m'nyumba munalibe mkangano.

Khomo lao linali pothawira odwala. Mayi wotentha thupi akabwera naye, ankamupempherera nkumuthira madzi m'khosi mwa chovala, potsata chiphunzitso cha Mtumiki (s.a.w) choziziritsa kutentha thupi ndi madzi. Ankasunganso mkanjo wa Mtumiki umene anautenga Mayi Aisha atamwalira mu 678, ndipo ankauchapa chifukwa cha odwala ofuna machiritso kwa Allah. Iwo eni akadwala ankamasula akapolo amene anali nawo. Malo a ku Ghaba amene anawalandira ngati chuma chamasiye cha mng'ono wao, Muawiya anawaikira mtengo wa madirihamu 100,000, koma iwo anawapereka mphatso kwa achibale awo awiri.

Mayi awo Qutaylah anadzabwera ku Madinah kudzawaona akadali opembedza mafano. Mayi Asma sanadziweruzire okha, anakafunsa kaye kwa Mtumiki (s.a.w), ndipo anawalamula kuti alumikize chibale ndi mayi awo. Phunziro ili ndi lathu ndithu, ife amene m'mabanja mwathu muli achibale a zipembedzo zina. Mbale ya Eid iwafike nawonso.

AGOGO OPHUNZITSA

Mayi Asma anabereka ana asanu ndi atatu, amuna asanu ndi akazi atatu. Mwa iwo munali Urwa ibn al-Zubayr, amene anadzakhala mmodzi mwa akatswiri asanu ndi awiri a malamulo a Chisilamu mu Madinah. Iwo eni anasimba mahadisi oposa 50. Ambiri mwa mahadisi amenewa anatifika kudzera mwa mdzukulu wao wamkazi, Fatima bint al-Mundhir, amene anakhala pamapazi pa agogo ake nkumamvetsera, kenaka anaphunzitsa mwamuna wake Hisham ibn Urwa. Lero mahadisi amenewa ali mu Muwatta, Bukhari ndi Muslim. Nkhani yoti Maswahaba anafuturu tsiku la mitambo mu Ramadhan kenaka dzuwa nkuonekeranso, tinaidziwa kudzera mwa agogo ndi mdzukulu amenewa. Zimene masheikh athu amawerenga pa mimbari, zina zinayambira pa mphasa ya agogo.

MAYESO OMALIZA

Moyo wautali uli ndi katundu wake. Mayi Asma anaona imfa ya Mtumiki (s.a.w) mu 632 ndi ya bambo awo mu 634. Ukwati wao ndi Zubayr unatha, ndipo anakakhala kwa mwana wao Abdullah. Zubayr anaphedwa mu 656. Mwana wao Mundhir anafera pa nkhondo ku Makkah mu 683. Pomaliza maso awo anachita khungu, koma nzeru zinali zonse ndipo dzino silinaguluke ndi limodzi lomwe.

Kuyambira mu 683 Abdullah analandiridwa ngati Khalifa m'madera ambiri. Mu 692 Abd al-Malik ibn Marwan wa ku Damascus anatumiza Hajjaj ibn Yusuf, amene anazinga Makkah miyezi yoposa 6. Njala inavuta, anthu ambiri anamuthawa Abdullah, ngakhale ena mwa ana ake. Iye, munthu wa zaka zoposa 70, anapita kwa mayi ake kukafunsa nzeru, pakuti adani ankamulonjeza za dziko ngati atagonja.

Mayi wina akanangoti mwana wanga apulumuke basi. Koma Mayi Asma anamuuza kuti adzifunse yekha. Ngati akudziwa kuti ali pa choonadi, apirire monga anapiririra anzake amene anafa. Ngati ankafuna za dziko, ndiye kuti wadziononga yekha ndi anthu amene anamutsata. Abdullah ataulula kuti akuopa kuti adani adzaseweretsa thupi lake, anamukumbutsa kuti nkhosa yozingidwa simva kuwawa poisenda. Anakumbatirana, natsazikana, ndipo Abdullah anamenya nkhondo mpaka kuphedwa. Thupi lake linapachikidwa poyera.

Hajjaj anatuma mthenga kuti Mayi Asma abwere, iwo anakana. Anaopseza kuti awakoka ndi tsitsi, anakanabe. Mapeto ake Hajjaj anapita yekha kukadzitama pamaso pao. Agogo osaonawo anamuuza mosaopa kuti iye waononga dziko la mwana wao, koma mwana waoyo waononga Akhera ya Hajjaj. Anamukumbutsanso kuti dzina la malamba awiri limene ankanyozera nalo Abdullah analipeza potumikira Mtumiki wa Allah. Hajjaj, amene anthu ankanjenjemera naye, ananyamuka osayankha.

Pasanapite nthawi yaitali Mayi Asma anamwalira ku Makkah, m'chaka cha 73 cha Hijra, chimene ndi 692, ali ndi zaka 100 pa kawerengedwe ka Chisilamu. Inna lillahi wa inna ilayhi raji'un.

PEMPHO LA KOMITI

Abale ndi alongo, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tikatuluka ku swala ya Eid, tisathamangire ku mpunga tisanakaone agogo amene miyendo yawakaniza kufika pabwalo. Tiwatengere chakudya, tiwatengerenso adzukulu kuti akhale pansi amve. Atsikana athu a ku madrasa atengere chitsanzo kwa Fatima bint al-Mundhir. Ndipo amene ali ndi kochepa asadikire kulemera kuti ayambe kupereka, pakuti Mayi Asma anayamba ndi lamba wa m'chiuno.

Allah asangalale nawo Mayi Asma, awakhululukire agogo athu amene anatsogola, awapatse mphamvu amene tili nawo, ndipo alandire kusala kwathu ndi sadaka zathu. Ameen.

Eid Mubarak kwa mabanja nonse.