Mai Musodzi, mayi amene anayamba ntchito yaikulu atapitirira zaka 50

Amayi anzathu, pamene tikukumbukira tsiku limene bungwe lathu linabadwa, taona kuti n'koyenera kuika m'kabuku kano mbiri ya mayi wina amene analambula njira imene ife tikuyendamo lero. Dzina lawo lonse ndi Elizabeth Maria Musodzi Ayema, koma ku Zimbabwe amadziwika kuti Mai Musodzi. Tawasankha poganizira makamaka inu a ku Burma Valley, kufupi ndi Mutare, amene mwapuma ntchito ya m'minda ya nthochi, ndipo mukudzifunsa ngati kuluka kumene munkangochita madzulo kungathe kukudyetsani.

Mai Musodzi anabadwa cha m'ma 1885 m'dera la Mazowe, kumpoto kwa mzinda umene pano ndi Harare. Anali mbale wa Mbuya Nehanda, amene atsamunda anawapachika mu 1898. Nkhondo ya mu 1896 ndi 1897, yolimbana ndi kampani ya British South Africa Company, inawasiya ali amasiye pamodzi ndi abale awo. Anakakulira pa mishoni ya Katolika ya Chishawasha, kumene anabatizidwa mu 1907. Chaka chotsatira anakwatiwa ndi Frank Kashimbo Ayema, wapolisi wochokera ku Northern Rhodesia, dziko limene pano ndi Zambia. Choncho banja lawo linali la mbali ziwiri za malire, monga alili mabanja ambiri a ife.

Masiku amenewo mzindawo unkatchedwa Salisbury, ndipo Harare linali dzina la komboni ya anthu akuda imene pano ndi Mbare. Ndi kumene agogo athu ochokera ku Nyasaland ankanena akamati apita ku Halale. Boma linkaona tauni ngati malo a amuna ogwira ntchito basi. Mkazi wakuda ankaonedwa ngati mlendo wongodutsa, amene akanatha kumangidwa kapena kuthamangitsidwa m'nyumba nthawi ina iliyonse.

Mai Musodzi sanakhale pansi kudikira malipiro a bambo. Anapeza munda, n'kumalima chimanga, mtedza, mpunga, mawere ndi maungu, ndipo zotsala ankagulitsa kwa anthu a m'tauni. Umu ndi mmene anadziwira kuti mkazi amene ali ndi ndalama yakeyake amalankhula momasuka pakhomo ngakhalenso pagulu.

Ntchito imene timawakumbukira nayo anaiyamba mu 1938, ana atakula, iwo atapitirira zaka 50. M'chaka chimenecho anathandiza kukhazikitsa bungwe la Harare African Women's Club, ndipo anakhala mtsogoleri wake. Amayi ankasonkhana kuphunzitsana kusoka ndi kuluka, kuphunzira chithandizo choyamba cha Red Cross, kuyendera odwala ndi kuthandizana pa mavuto. Kwa munthu wodutsa panjira, anali amayi ongokhala ndi singano ndi ulusi. Koma pa mabwalo omwewo ndi pamene panachokera mawu opempha chipatala cha amayi oyembekezera m'komboni. Mai Musodzi anakhalanso m'bungwe la Native Advisory Board, mmene ankatsutsa zothamangitsa akazi m'nyumba ndi zowamanga popanda chifukwa. M'zaka za m'ma 1940 anali pakati pa amene anayambitsa gulu la amayi a Katolika lotchedwa Chita chaMaria Hosi yeDenga.

Mu 1947, chaka chimene mfumu George VI ndi banja lake anayendera Southern Rhodesia, Mai Musodzi anapatsidwa ulemu wa MBE. Anamwalira pa 21 Julaye 1952. Holo ya ku Mbare, Mai Musodzi Hall, imatchedwa ndi dzina lawo mpaka lero, ndipo katswiri wa mbiri yakale wa ku Japan, Tsuneo Yoshikuni, analemba buku la moyo wawo limene linatuluka mu 2008.

Luso limene magulu ngati lawo ankaphunzitsa silinafe nawo. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, amayi ambiri a ku Zimbabwe ankaluka madoili, nsalu za patebulo ndi zoyala pabedi, n'kukwera nazo basi kapena sitima kukagulitsa ku South Africa ndi ku Botswana. Ana ambiri anaphunzira sukulu ndi ndalama za madoili. Enafe tinali pa maulendo amenewo.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa ukalamba wa pafamu ndi wowawa. Ambiri mwa ife ndife ana ndi adzukulu a anthu amene anachokera ku Malawi ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu. Kumudzi kumene makolo anachokera sitikudziwako bwino, munda wathuwathu ambiri tilibe, ndipo kukwera mitengo koopsa kwa mu 2008 kunadya mapenshoni a amene anali nawo. Msana ukakana kusenza mikoko ya nthochi, chimene chimatsala ndi manja ndi anzathu.

Mai Musodzi anatisiyira zinthu ziwiri zoti titengere. Choyamba, luso la manja limasanduka bizinesi pokhapokha tikaliwerengera. Tisanatchule mtengo wa juzi, tiwerenge ndalama ya ulusi, ya basi yopita ku Mutare ndi masiku amene tathera poluka. Tiluke zimene anthu akufuna: majuzi a mtundu wa yunifolomu ya sukulu, zipewa za ana akhanda, masikafu ndi mashawelo. M'mapiri a Bvumba ndi ku Mutare kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julaye, motero katundu akhale atakonzeka Meyi asanathe. Wogula pangongole alembedwe m'buku, ngakhale atakhala mlamu.

Chachiwiri, iwo sanaluke okha. Mutu umodzi susenza denga. Ku Zimbabwe timati mukando, ku Malawi chipereganyu kapena banki m'khonde, ku Zambia chilimba, ku Mozambique xitique, koma mtima wake ndi umodzi. Gulu lingathe kubwereketsa mpamba wa ulusi, kugula wambiri pamodzi kuti mtengo utsike, ndi kutuma mmodzi kukagulitsa za onse ku msika wa Sakubva kapena kutsidya kwa malire a Forbes, ku Machipanda. Amene maso ayamba kufooka aziphunzitsa atsikana, ndipo gulu lizimupatsa gawo lake.

Mwana wamasiye wa ku Mazowe anayamba bungwe lake pa msinkhu umene ambirife timati ntchito yatha. Chaka chino tikupempha gulu lililonse kuti lipatule gawo la ndalama zobwereketsa kwa amayi amene apuma ntchito ndipo akufuna kuyamba kugulitsa zoluka zawo. Pa msonkhano wotsatira, bwerani ndi singano zanu.