HENRY DRUMMOND: MLALIKI AMENE ANAPHUNZIRA KWA CHISWE

M'kalata ino tikumbuke moyo wa Henry Drummond, mlaliki ndi mphunzitsi wa sayansi amene anaponda nthaka ya Karonga m'chaka cha 1883. Iyeyu sanali wa mpingo wathu wa Anglican. Anali wa Free Church of Scotland, mpingo umene unayambitsa mishoni ya Livingstonia. Koma moyo wake ungatithandize ife amene tikulera achinyamata masiku ano pamene mitengo ikutha ndipo mitsinje ikusefukira.

Drummond anabadwa pa 17 Ogasiti 1851 ku Stirling, m'dziko la Scotland. Anaphunzira ku Edinburgh, ndipo ali mnyamata anathandiza pa misonkhano ya chitsitsimutso ya mlaliki Dwight L. Moody. Ntchito yake inali kukhala pansi ndi achinyamata amene mawu awakhudza, n'kumamvetsera mafunso awo. M'chaka cha 1877 anayamba kuphunzitsa sayansi ya zachilengedwe pa koleji ya mpingo wake ku Glasgow. M'kati mwa sabata ankaphunzitsa za miyala, zomera ndi nyama, pomwe Lamulungu ankalalikira kwa anthu ogwira ntchito zamanja. Posakhalitsa anaona kuti ziwirizi sizimenyana, pakuti Mlengi wa zomera ndiye Mpulumutsi wa moyo. Maganizo amenewa anawalemba m'buku lotchedwa Natural Law in the Spiritual World, limene linatuluka mu 1883.

Chaka chomwecho anabwera kuno kudzaona miyala ndi nthaka ya dziko lino m'malo mwa kampani ya African Lakes. Anadzera mtsinje wa Zambezi ndi Shire, nakwera sitima ya Ilala mpaka ku Karonga, kenaka anayenda pansi kukwera mapiri a pakati pa nyanja yathu ndi nyanja ya Tanganyika. Malungo anamugwira m'njira, koma maso ake sanatope. Kufupi ndi Karonga anapeza mamba a nsomba ndi zigoba za nkhono zakalekale zitauma m'miyala.

Chimene chinamukopa kwambiri ndi chiswe. Ife timachidziwa ngati mdani wa denga ndi nkhokwe. Drummond anakhala pansi n'kumachiyang'anitsitsa. Anaona kuti chimadya nthambi zouma ndi mitengo yogwa, motero nkhalango imakhala yosesedwa. Anaonanso kuti chimatulutsa dothi la pansi kukamangira zulu ndi tinjira take pa mitengo, ndipo mvula ikagwa dothilo limabwerera pamwamba pa nthaka. Iye anaganiza kuti chiswe chimalima nthaka ya kuno monga nyongolotsi zimachitira ku Ulaya. Agogo athu amene ankathira dothi la pachulu m'munda ankalidziwa kale phindu lake. Zonsezi anazilemba m'buku la Tropical Africa mu 1888.

Tisabise kuti analinso ndi zolakwa za nthawi yake. M'malo ena analemba za makolo athu mowapeputsa. Ndiponso poona kuti malonda a minyanga ndiwo ankakoleza ukapolo, anaganiza kuti njovu zikatha Africa adzapuma. Chisoni chake pa akapolo chinali chenicheni, koma mankhwala akewo anali olakwika, chifukwa tchimo linali dyera la anthu, osati njovu. Ana athu aphunzire kuti chifundo pa anthu ndi chisamaliro cha zolengedwa ziyenera kuyendera limodzi.

Atabwerera kwawo anadzipereka kwa achinyamata. Kwa zaka pafupifupi 10 ankalankhula kwa ophunzira a ku Edinburgh Lamulungu madzulo, ndipo anathandiza kwambiri gulu la Boys' Brigade. Ulaliki wake wa chikondi, wochokera pa 1 Akorinto 13, ukuwerengedwabe mpaka lero. M'buku la The Ascent of Man la 1894 anaphunzitsa kuti m'chilengedwe simuli kulimbirana kokha, mulinso kudzipereka chifukwa cha ena, ndipo chitsanzo chake chachikulu chinali mayi wolera mwana. Ine amene ndinagwira ntchito ya unamwino ndikuvomereza, pakuti ndinaona amayi akuchezera usiku wonse pambali pa mwana wodwala.

Drummond sanakwatire. Anadwala matenda a mafupa kwa zaka 2, namwalira pa 11 Malichi 1897 ku Tunbridge Wells ali ndi zaka 45.

Nthaka imene anaifufuzayo ikulankhulabe. Mu 1991 akatswiri anapeza ku Uraha chibwano cha munthu wamakedzana chimene amati chili ndi zaka zoposa 2 miliyoni, ndipo mu 2004 nyumba yosungiramo zakale inatsegulidwa ku Karonga. Mwana wa sekondale akamva zimenezi amabwera kunyumba ndi mafunso. Tikamukalipira, adzaganiza kuti ayenera kusankha pakati pa sukulu ndi tchalitchi, ndipo tingamutaye. Drummond sankaopa mafunso otere.

Tsono tichite chiyani? Pa Genesis 2:15 Mulungu anaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusunga, ndipo mpingo wa Anglican umawerengera kusamala chilengedwe pakati pa zizindikiro 5 za utumiki wake. Nthambi iliyonse itenge achinyamata ake kupita nawo pachulu, kumtsinje ndi kumalo kumene mitengo inathera makala. Aone ndi maso awo, afunse, kenaka titsegule nawo Baibulo. Mvula ikayamba, aliyense adzale mtengo ndi kuusamala mpaka ukule. Paja kuongola mtengo n'kuli waung'ono.

Ambuye atipatse maso oona ntchito za manja awo, ndi mtima woleza pophunzitsa ana athu. Amen.