Kamuzu Banda: Nduna Yaikulu Yoyamba ndi Yomaliza ya Malawi

Wophunzira, pamene mukukonzekera mayeso a MSCE, dziwani kuti zolemba za Chichewa sizidangomera zokha ngati bowa. Zambiri zidakula m'nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda, amene adalamulira dziko lino zaka 31. Mukaudziwa moyo wake, mumvetsa chifukwa chake mukuphunzira Chichewa ngakhale kuno ku Mzuzu, komanso chifukwa chake alembi a nthawi imeneyo ankakonda kuphiphiritsa.

Ubwana ndi maphunziro

Kamuzu adabadwira ku Kasungu cha m'ma 1898, ngakhale boma lake linkati adabadwa mu 1906. Akadali mnyamata adanyamuka wapansi kupita ku Southern Rhodesia, kenako ku Joni komwe adagwira ntchito kumigodi. Mu 1925 adapita ku America. Adamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mu 1937, nakawonjezera ena ku Edinburgh. Adagwira ntchito ya udokotala ku Britain ndi ku Ghana.

Kubwera kumudzi

Achinyamata a chipani cha Nyasaland African Congress, monga Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, ndiwo adamuitana kuti adzatsogolere nkhondo yothetsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Adatera pa Chileka pa 6 July 1958. Pa 3 March 1959 atsamunda adamumanga nakamutsekera ku Gweru; tsiku lomwelo asilikali adapha anthu padoko la Nkhata Bay. Ali m'ndende, Orton Chirwa adayambitsa Malawi Congress Party ndipo adamupatsa utsogoleri atatuluka mu 1960.

Pa mpando wa nduna yaikulu

Kamuzu adakhala nduna yaikulu pa 1 February 1963, ndipo dziko lidalandira ufulu pa 6 July 1964. Apa mpofunika kuchenjera, chifukwa ambiri amasokoneza: chaka chimenecho sadali pulezidenti ayi. Patangotha miyezi iwiri, adayambana ndi nduna zake. Izo zinkadana ndi kulipiritsa odwala tiki m'zipatala, ubwenzi wake ndi Apwitikizi, komanso kulamula yekha zonse. Mu September adachotsa Chirwa, Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani adatula pansi maudindo. Ambiri adathawira kunja. Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga, koma kuyambira pamenepo Kamuzu adalisenza yekha. Mu 1966 mpando wa nduna yaikulu udathetsedwa, iye nakhala pulezidenti wa dziko la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 adakhala wamuyaya.

Kamuzu ndi zolemba

Mu 1968 chipani chake chidagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kukhala chiyankhulo cha fuko. Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, zomwe zidawawa anthu a chigawo chino. Chaka chomwecho kudabwera lamulo lofufuza mabuku ndi masewero asanafike kwa anthu. Mlembi wodzudzula poyera ankaputa ndende: mlakatuli Jack Mapanje adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. N'chifukwa chaketu mukamawerenga ndakatulo ya nthawi imeneyo yonena za nyama kapena mfumu ya m'mudzi, muzidzifunsa ngati mlembi sadabise wina kuseri kwake.

Zabwino zidaliponso. Mu ulamuliro wake mudatsegulidwa Yunivesite ya Malawi mu 1965, likulu lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo Mzuzu idakhala mzinda mu 1985.

Mathero

Mu 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika ndi kumangidwa kwa Chakufwa Chihana zidadzutsa anthu. Orton Chirwa, amene dzina lake lili pa msewu waukulu wa mu Mzuzu, adafera kundende ya Zomba chaka chomwecho. Pa 14 June 1993 Amalawi adasankha zipani zambiri, ndipo mu May 1994 Kamuzu adagonja kwa Bakili Muluzi navomera kutsika. Adamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997.

Dziyeseni

1. Tchulani zifukwa ziwiri zomwe Kamuzu adayambanirana ndi nduna zake.
2. Fotokozani momwe chigamulo cha 1968 chidakhudzira Chichewa ndi Chitumbuka.
3. N'chifukwa chiyani alembi ankaphiphiritsa?